Mfuti Yoyenera Mlenje

Munthu akamagula khasu sadera nkhawa kwambiri, pakuti likakhala loipa adzagula lina chaka chamawa. Kugula mfuti n'kosiyana. Mtengo wake ndi waukulu, chilolezo chake sichipezeka msanga, ndipo anthu ambiri amagula imodzi yokha pa moyo wawo wonse. Khasu loipa limangotopetsa mwini wake, koma mfuti yosayenera imalasa nyama osaipha, ndipo nyama yolasidwa imatha kupha munthu amene sanaipute. Chifukwa chake mlenje wanzeru asanafunse za kukongola kwa mfuti amayamba wafunsa za chipolopolo chimene mfutiyo imadya: kunenepa kwake, kulemera kwake ndi liwiro lake.

Mlimi wa thonje ndi atsibweni ake

M'chigwa cha Luangwa, kum'mawa kwa dziko la Zambia, muli malo otchedwa Lupande, oyandikana ndi nkhalango yotetezedwa ya South Luangwa. M'nkhalangoyo kusaka n'koletsedwa, koma ku Lupande anthu amakhala pamodzi ndi nyama, ndipo boma limalola kupha nyama zowerengeka kwa iwo okha amene agula chilolezo. Kumeneko kunali mlimi wina wa thonje, munthu wa zaka 32, wokwatira, wa ana atatu. Kwa zaka zinayi iye anali kusunga ndalama za thonje ndi mpendadzuwa kuti adzagule mfuti, napeze ndiwo za banja lake mwa lamulo, osati ndi misampha ya waya ya usiku.

Ndalama zitakwanira, mtima wake unali utakhazikika kale pa mfuti ina imene anaiona pa chithunzi. Inali yaitali, yakuda, ya galasi lalikulu loonera patali, ndipo anamva kuti imatha kulasa chandamale pa mtunda wa kilomita yathunthu. Dzina la chipolopolo chake ndi .338 Lapua Magnum. Koma pokumbukira kuti safunsa anadya phula, anapita kwa atsibweni ake, nkhalamba imene inagwira ntchito yolondera nyama zaka zambiri, ndi kuyenda ndi alendo osaka nyama m'chigwa monsemo.

Atapereka moni ndi kukhala pansi, mlimiyo anati, "Atsibweni, ndabwera kuti mundithandize nzeru. Ndikufuna mfuti yaikulu yoombera kutali, kuti nyama ikandiona isamathe kundithawa."

Nkhalambayo inaseka pang'ono, niti, "Mphwanga, wanena za mfuti, koma za nyama sunanene. Kodi ukufuna kupha chiyani? Udzaipeza pa malo otani? Nanga zipolopolo udzazigula kuti? Tiyambe tayankha zimenezi, dzina la mfuti libwere pambuyo."

Tanthauzo la manambala

Tsono nkhalambayo inalowa m'nyumba nitulutsa kachitini kamene inali kusungamo makoko akale a zipolopolo. Inawandandalika pa mphasa kuyambira laling'ono kufikira lalikulu, niyamba kufotokoza.

Chipolopolo cha mfuti za masiku ano chili ndi zigawo zinayi. Pali khoko la mkuwa, pali onga wa m'kati mwake, pali kadiso ka kumatako kamene kamayatsa ongawo, ndipo pali mutu, umene ndiwo umauluka kukalasa nyama. M'kati mwa mpope wa mfuti muli timizere tozungulira ngati chingwe chopota. Timizereti timazunguza mutu wa chipolopolo kuti uziyenda molunjika, wosagudubuzika m'mlengalenga. Pamenepa mpamene mfuti zimenezi zimasiyanira ndi gogodela wa makolo, amene mpope wake unali wosalala, ndipo ankathiramo onga ndi zidutswa za chitsulo kudzera kukamwa.

Nambala yolembedwa pa mfuti imanena kunenepa kwa mutu wa chipolopolo, kapena kukula kwa bowo la mpope. Angerezi ndi Amereka amayeza ndi inchi, ndipo inchi imodzi ndi mamilimita 25.4. Inchiyo amaigawa m'zigawo 1,000. Motero .375 ndiye kuti zigawo 375, kapena mamilimita 9.5, ndipo .22 ndi mamilimita 5.6. A ku Germany ndi anansi awo amayeza ndi mamilimita, nalemba manambala awiri. Chipolopolo cha 7x57 ndi chonenepa mamilimita 7, ndipo khoko lake ndi lotalika mamilimita 57. Nthawi zina nambala yachiwiri imanena chaka: .30-06 ndi chipolopolo cha zigawo 30 pa 100 za inchi chimene asilikali a ku America anayamba kugwiritsa ntchito mu 1906.

Nkhalambayo inachenjeza mphwake kuti asanyengeke ndi nambala yoyamba yokha. Zipolopolo za .308 Winchester, .30-06 ndi .300 Winchester Magnum zili ndi mitu yonenepa chimodzimodzi, koma makoko ake ndi osiyana, ndipo khoko lalikulu limanyamula onga wambiri. Chifukwa chake sizilowana m'mfuti. Munthu woyesa kukakamiza chipolopolo cha mtundu wina m'mfuti yake akhoza kuiphulitsa pankhope pake.

Kulemera kwa mutu kumayezedwa ndi muyeso wotchedwa grain, ndipo galamu imodzi ili ndi ma grain 15 ndi pang'ono. Mutu wa .22 umalemera ma grain 40, ndiwo magalamu osakwana 3. Wa .30-06 nthawi zambiri umalemera ma grain 150 kapena 180. Wa .375 umafika 300, ndipo wa .458 umafika 500, ndiwo magalamu 32.

Nyama iliyonse ndi chipolopolo chake

Nkhalambayo inanyamula khoko laling'ono koposa onse. Limeneli linali la .22 Long Rifle, chipolopolo chimene chinatuluka mu 1887. Chimakwanira kalulu ndi nkhanga, ndipo ndi chotsika mtengo, kotero kuti ndi chabwino pophunzira kuombera. Koma munthu woombera nacho nswala kapena njiri amangoipatsa nyamayo bala loti ikafe nalo patapita masiku. Ngakhale ndi chaching'ono, chikaphonya chimatha kuuluka kupitirira kilomita imodzi ndi theka, motero sichoseweretsa.

Pambuyo pake panali .243 Winchester, cha mu 1955, chimene chimakwanira gwape, mbawala ndi nswala, ndipo sichimenya phewa kwambiri. Kenaka panali zipolopolo za pakati: 7x57 Mauser cha m'ma 1890, .270 Winchester cha mu 1925, .308 Winchester cha mu 1952, ndi .30-06. Zimenezi zimapha nyama zonse zodya udzu za khungu lofewa, kuyambira nswala, njiri, ngoma ndi mbidzi, kufikira ntchefu ngati mlenje walasa pa malo oyenera ndi mutu wolemera.

Panalinso khoko lina lakuda ndi ukalamba, la .303 British. Nkhalambayo inaligwira mwaulemu, pakuti imeneyi ndiyo mfuti imene asilikali a King's African Rifles ndi a Northern Rhodesia Regiment ananyamula pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945, kufikira ku Burma. Nkhondo itatha, mfuti zimenezi zinachuluka m'maiko a kuno, ndipo zinapha nyama zambiri. Mphamvu yake siitalikirana ndi ya .308. Vuto lake ndi lakuti zambiri zakalamba, timizere ta m'mpope tinadyeka, ndipo zipolopolo za nkhondo zili ndi mutu wouma umene umangopyoza nyama n'kutuluka, bala lili laling'ono.

Pamenepa nkhalambayo inafotokoza kuti mitu ya zipolopolo ili ya mitundu iwiri. Wina ndi wofewa kunsonga: mtovu umaonekera, ndipo ukalowa m'thupi umafutukuka ngati bowa, n'kuwononga mapapo ndi mtima kotero kuti nyama imafa msanga. Wina ndi wouma, wokutidwa ndi chitsulo cholimba kapena wopangidwa ndi mkuwa wokhawokha. Umenewu sufutukuka, koma umaboola mafupa aakulu. Wofewa ndi wa nswala ndi ngoma. Wouma ndi wa njovu ndi mvuu. Mfuti yabwino yodyetsedwa mutu wolakwika imasanduka mfuti yoipa.

Lomaliza pa mzerewo linali khoko lalitali la lamba kumatako, la .375 H&H Magnum. Analipanga a Holland & Holland a ku London mu 1912, ndipo kufikira lero ndicho chipolopolo chodziwika koposa pa nyama zoopsa za mu Africa. Mutu wake wa ma grain 300 umatuluka pa liwiro la mamita 770 pa sekondi imodzi. M'maiko ambiri a mu Africa lamulo sililola kusaka njovu kapena njati ndi mfuti yochepera muyeso umenewu kapena woyandikana nawo. Pamwamba pake pali .416 Rigby cha mu 1911 ndi .458 Winchester Magnum cha mu 1956, zimene amanyamula anthu a ntchito yoimitsa nyama yolusa ikamabwera pafupi.

Chipsera cha njati

Mlimi uja anafunsa kuti, "Nanga atsibweni, munthu atakhala ndi mfuti ya pakati, n'kukumana ndi njati, sangayese?"

Nkhalambayo sinayankhe msanga. Inakweza nsalu ya buluku lake nionetsa chipsera chachitali kuyambira pabondo kufikira m'ntchafu. Mphwakeyo anali atachiona chiyambire ubwana wake, koma sanamvepo mbiri yake yonse.

"Njati imene inandichita ichi sindinailase ndine," inatero nkhalambayo. "Inalasidwa ndi munthu wina amene sitinamudziwe, ndi mfuti yochepa, ali patali. Chipolopolo chinaima m'phewa, osafika kumapapo. Bala linaola. Njatiyo inasiya anzake nikabisala m'bango, pafupi ndi pamene amayi amatunga madzi. Anatituma kuti tikaiphe isanavulaze munthu. Tinaitsata masiku awiri. Tsiku lachiwiri inatizungulira, nitulukira m'tsekera pa mtunda wochepa ngati pano ndi nkhokwe iyo. Mnzanga anaigwetsa ndi .458, koma inali itandifika kale. Ndinagona m'chipatala miyezi itatu. Amene anailasa uja mwina mpaka lero amayesa kuti anangophonya."

Atatha kunena zimenezi anakhala chete onse awiri. Kenaka nkhalambayo inati, "Mphwanga, chipolopolo chikatuluka mlandu wake ndi wako, ngakhale usaone kumene chagwera."

Nkhani ya Bell

Mlimiyo anali munthu wowerenga, ndipo anali ndi funso lina. Anali atamva za W. D. M. Bell, mlenje wa ku Scotland amene anasaka njovu ku Karamoja, m'dziko la Uganda, ndi m'maiko ena kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Bell anapha njovu zoposa 1,000, ndipo zambiri mwa izo anazipha ndi 7x57, chimene Angerezi amachitcha .275 Rigby. Ngati chipolopolo chochepa chotero chinagwetsa njovu, nanga kukula kwa chipolopolo kuli ndi ntchito yanji?

Nkhalambayo inavomera kuti nkhaniyo ndi yoona, koma inati anthu amaimva mbali imodzi. Bell ankacheka zigaza za njovu kuti aone pamene ubongo uli, naphunzira njira yoti chipolopolo chidzere kuchokera mbali iliyonse. Ankagwiritsa ntchito mitu youma yokhayokha. Ankayandikira pafupi kwambiri, ndipo ankayeseza mfuti yake kosalekeza. Chimene nkhani yake imaphunzitsa ndi chakuti malo amene chipolopolo chalowa amaposa kukula kwake. Koma siphunzitsa kuti munthu woombera zipolopolo 20 pa chaka angachite zimene Bell anachita. Ndiponso masiku amenewo anapita. Njovu zinachepa, ndipo mu 1989 maiko anagwirizana kuletsa malonda a minyanga pakati pa dziko ndi dziko.

Mfuti imamenya mbali ziwiri

Mlimiyo atamva za njati anatembenuka maganizo, nati ndiye kuli bwino agule mfuti yaikulu ndithu, kuti akhale wokonzeka pa chilichonse. Nkhalambayo sinatsutse. Inangopangana ndi mnzake wina wa ntchito yoyenda ndi alendo, amene anali ndi mfuti zingapo za chilolezo, kuti Loweruka lotsatira apite kumalo oyesera mfuti, kumene kunali chulu chachikulu kumbuyo kwa chandamale.

Anapachika katoni pa mtunda wa mamita 100, najambulapo bwalo lalikulu ngati mbale ya nsima. Poyamba mlimiyo anapatsidwa .30-06. Anaombera katatu, ndipo zipolopolo zonse zinalowa m'bwalomo. Kenaka anapatsidwa .375. Choyamba chinalowa, koma mfutiyo inamukankha phewa kwambiri, pakuti kumenya kwa .375 kuli pafupifupi kawiri kwa .30-06. Chachiwiri chinagwa kunja kwa bwalo. Pa chachitatu nkhalambayo inatenga mfutiyo ngati ikumuikira chipolopolo, koma inaibweza yopanda kanthu. Mlimiyo atakoka kachitsulo koombera, mfuti sinalire, koma onse anaona kuti anatsinzina, ndipo kamwa la mfuti linagwera pansi.

"Waona," inatero nkhalambayo. "Thupi lako layamba kuopa mfuti isanalire. Ukatero pa nyama, chipolopolo chachikulucho chikalowa m'mimba, osati mu mtima. Chaching'ono cha mu mtima chimaposa chachikulu cha m'matumbo."

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mphamvu imene imakankha chipolopolo kutsogolo imakankhanso mfuti kumbuyo. Mutu ukalemera ndiponso onga ukachuluka, kumenyako kumakula. Mfuti yolemera imachepetsa kumenyako, koma mlenje ayenera kuinyamula tsiku lonse padzuwa la m'chigwa. Mantha amenewa amatha ndi kuyeseza, koma kuyeseza kumadya zipolopolo, ndipo zipolopolo zazikulu ndi zokwera mtengo.

Za kuombera kutali

Tsono anafika pa nkhani imene inali pamtima pa mlimiyo chiyambire. Nkhalambayo inatola mwala niuponya, niti aone mmene ukugwera. Chipolopolo nachonso chimayamba kugwa chikangotuluka m'mpope, pakuti dziko limakokera pansi chinthu chilichonse. Mpweya nawonso umachibweza, kotero kuti liwiro lake limanka lichepa. Chikamachedwa panjira, kugwa kwake kumakula koposa.

Chipolopolo cha .308 chimatuluka pa liwiro la pafupifupi mamita 800 pa sekondi. Mfuti ikakonzedwa kuti izilasa ndendende pa mamita 100, pa mamita 300 chipolopolo chimagwa pansi pafupifupi theka la mita. Pa mamita 500 chimagwa pafupifupi mamita 2, kuposa msinkhu wa munthu. Pa mamita 1,000 chimagwa kupitirira mamita 10. Motero munthu akalakwitsa mtunda ndi mamita 50 okha ali patali, chipolopolo chimadzera pamwamba pa msana kapena chimathyola mwendo.

Kugwako kumatheka kuwerengera, makamaka masiku ano pamene kuli tizipangizo toyezera mtunda. Chovuta koposa ndi mphepo. Mphepo yopingasa ya makilomita 16 pa ola, imene imangogwedeza nthambi zazing'ono, imapatutsa chipolopolo cha .308 kupitirira theka la mita pa mtunda wa mamita 500. Ndipo mphepo ya pamene mlenje waima siikhala yofanana ndi ya pakati pa dambo. Palinso nthawi. Kuti chifike pa mamita 500 chipolopolo chimatenga magawo atatu a magawo anayi a sekondi. M'nthawi imeneyo nswala ikhoza kuponda phazi limodzi, ndipo chimene chinalunjika pa mtima chimalowa m'chiuno.

Nkhalambayo sinanyoze luso loombera kutali. Inati ndi masewera enieni a anthu odekha. Ku Bisley, m'dziko la England, anthu akhala akupikisana kuyambira mu 1890, ndipo amaombera chandamale pa mayadi 1,000, ndiwo mamita 914. Pa masewera amenewa amasankha mitu yaitali, yowonda, yosongoka, imene imang'amba mpweya mosavuta ndi kusunga liwiro lake. Ndicho chifukwa chake chipolopolo cha 6.5 Creedmoor, chimene kampani ya Hornady ya ku America inatulutsa mu 2007, chinatchuka msanga: chimagwa pang'ono ndi kupatuka pang'ono poyerekeza ndi .308, ndipo sichimenya phewa kwambiri. Chija cha .338 Lapua Magnum chinakonzedwa m'zaka za m'ma 1980, ndipo dzina lake ndi la mudzi wa ku Finland kumene kuli fakitale yake. Anachipangira asilikali oombera kupitirira kilomita. Mfuti yake ndi yolemera, phokoso lake ndi logonthetsa m'khutu, ndipo chipolopolo chimodzi mtengo wake umaposa wa zipolopolo zingapo za .308.

"Chandamale cha pepala chikalasidwa m'mbali sichimva kuwawa," inatero nkhalambayo. "Sichithawira m'bango. Ukafuna masewerawo, phunzira pa pepala, ndipo ndidzabwera kudzakuonerera. Koma tayang'ana dziko lino. Mitengo ya tsanya ndi tsekera zimabisa nyama. Pa zaka zanga zonse za ntchito, nyama zambiri ndinaziona zikugwa pakati pa mamita 50 ndi 150. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mfuti ya pa chithunziyo ingakudyere thonje la zaka zinayi, n'kukapachikidwa pakhoma yopanda chipolopolo."

Lamulo ndi sitolo

Panatsala zinthu ziwiri zimene wogula mfuti amaiwala. Choyamba ndi lamulo. Kukhala ndi mfuti kumafuna chilolezo cha boma, chimene chimadzera kupolisi, ndipo chilolezocho chimanena mtundu wa mfutiyo ndi nambala yake. Kusaka kumafuna chilolezo china, cha nthambi ya boma yoona za nkhalango ndi nyama, monga mwa lamulo la nyama zakutchire la dziko la Zambia la mu 2015. Chilolezo chimenechi chimatchula nyama imene munthu walipira, malo ake ndi nthawi yake. Mfuti ya chilolezo siipatsa munthu ufulu wopha nyama iliyonse. Tsidya lina la malire, ku Malawi, lamulo linakhwimitsidwa mu 2017, kotero kuti wopha nyama zotetezedwa koposa akhoza kumangidwa kufikira zaka 30.

Chachiwiri ndi sitolo. Mfuti yopanda zipolopolo ndi ndodo chabe. Zipolopolo za .30-06, .308 ndi .375 zimapangidwa ndi makampani ambiri m'maiko ambiri, motero sizisowa kwa ogulitsa mfuti. Za mitundu yachilendo zimatha kusowa kwa nthawi yaitali. Nkhalambayo inalangiza mphwake kuti asanapereke ndalama afunse wogulitsayo mitundu ya zipolopolo imene ili pa shelefu tsiku lomwelo, osati imene akulonjeza kuti ibwera.

Chimene anasankha

Mlimiyo anapita kwawo nakambirana ndi mkazi wake, pakuti thonjelo analima awiri. Anatenga pepala nalemba nyama zimene akanatha kulipira chilolezo chake: nswala, njiri, mbawala, ndipo pa chaka cha zokolola zabwino, ngoma. Njati sinalipo pa mndandandawo, pakuti mtengo wake unali woposa thumba lawo. Atayang'ana pepalalo anaona kuti funso layankhika lokha.

Anagula .30-06 imene inagwirapo ntchito, koma ya mpope wabwino, umene atsibweni ake anauyang'ana padzuwa ndi kuona kuti timizere take tidakali takuthwa. Anaikapo galasi laling'ono lokuza kanayi. Ndalama zimene zinatsala anagulira bokosi lachitsulo lokhoma, losungiramo mfuti kutali ndi ana, ndi zipolopolo za mutu wofewa wa ma grain 180. Anasankha mtundu umodzi wokha, pakuti mitu yosiyana kulemera siigwa pa malo amodzi.

Asanapite kutchire, nkhalambayo inamupatsa muyeso woti adziyese nawo. Anaika mbale ya pepala pa mamita 100, pa 200 ndi pa 300, pakuti mtima ndi mapapo a ngoma ndi malo aakulu ngati mbale. Anaombera atatsamiza mfuti pa ndodo zopingasa, monga amachitira kutchire, osati atakhala pa tebulo. Pa 100 zonse zisanu zinalowa. Pa 200 zonse zisanu zinalowanso. Pa 300 zinalowa zitatu zokha.

"Mfutiyi imafika kutali kuposa pamenepo," inatero nkhalambayo, "koma iwe malire ako ndi 200. Ukadzalowetsa zisanu pa 300, malire adzasuntha."

Chaka chachiwiri thonje linachita bwino, ndipo anagula chilolezo cha ngoma. Anayenda masiku atatu ndi mlonda wa nyama wa boma osaiona. Tsiku lachinayi, dzuwa litapendeka, ngoma yamphongo ya nyanga zopotana inatulukira tsidya lina la dambo. Mlondayo anayeza mtunda napeza mamita 340. Panalibe chitsamba chobisalira pakati, ndipo mphepo inali kuweramitsa udzu. M'galasi ngomayo inaoneka bwino, ndipo mlimiyo anaika mfuti pa ndodo. Anakumbukira ndalama za chilolezo, ndi ana amene anawalonjeza nyama. Anakhala choncho kanthawi, kenaka anachotsa chala, natsitsa mfuti. Ngomayo inalowa m'tsanya nipita.

Usiku umenewo anagona wosakondwa. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. M'mamawa anakalondola mapazi ake, nayenda mphepo ikuwaomba kumaso, akukwawa pamene panali poyera. Dzuwa lisanatenthe anaipeza ikudya masamba pa mtunda wa mamita 90. Chipolopolo chimodzi chinalowa kuseri kwa phewa. Ngomayo inathamanga mapazi ochepa nigwa.

Atafika kumudzi anatumiza mwendo wathako kwa atsibweni ake, monga mwa mwambo, pamodzi ndi khoko la chipolopolocho. Nkhalambayo inafunsa mwana amene anabweretsa nyamayo kuti atate ake anaombera kangati. Mwanayo anati kamodzi. Ndipo inatsegula kachitini kaja, niika khokolo pakati pa anzake.